Mkazi Wotchedwa Rihabu

Chaka chimene ndinali Fomu 2, ababa anagona pa balani akuwotcha fodya, kabotolo ka kachasu kali m'manja. Moto unakula, fodya yense anada bii. Mwini munda anati akadzawamvanso fungo la mowa, ntchito yatha, ndipo nyumba ya mu komboni tituluke.

Amayi anali atayesa kale zambiri. Madzi opemphereredwa a kwa apositoli ababa anamwa, kenako anatsukuluza m'kamwa ndi kachasu. Muzu wowawa umene amayi anathira mu tiyi unamwedwa ndi amalume, amene sanalawepo mowa chibadwire. Amalumewo anasiya tiyi.

Tsono ababa anapita okha ku kiliniki ku Concession. Anabwerako nkhope ili ngwee.

"Mayi a mwana, anesi andipezera Rihabu. Ndizipitako Lachinayi lililonse."

"Kwa ndani?"

"Kwa Rihabu. Akuti amuna ambiri amapitako, ndipo amabwerako atapepukidwa."

Amayi anaika mbale pansi pang'onopang'ono. Dzinalo limafanana ndi la mkazi uja wa mbiri yoipa amene abusa amamutchula pa guwa. Ine mawu a Chingereziwo ndinawamvapo kusukulu. Ndinati, "Amayi, si munthu," koma mawu anga safika patali, komanso ketulo imalira.

"Anesi athunthu, ophunzira, kupezera mkazi mwamuna wa mwini!"

Lachinayi ababa anasamba, kumeta, n'kuvala shati ya kutchalitchi. Mlandu unangokula. Amayi anandikoka dzanja, tinakwera kombi yotsatira, mthiko uli m'chikwama.

Kuseri kwa kiliniki, pansi pa jakaranda, tinapeza amuna atakhala pa mabenchi, makapu a mahewu ali m'manja. Wina amalira, akusimba momwe anagulitsira chitseko cha nyumba yake. Amayi anangotulukira pakati pawo.

"Ali kuti Rihabuyo? Atuluke ndimuone!"

Panaimirira mdala wadazi, wopanda mano akutsogolo. "Mayi, Rihabu ndi ife tonsefe. Sankhani wokongola."

Wolira uja anaseka mpaka kutaya mahewu. Ababa anabisa nkhope m'chipewa. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Mdalayo anafotokoza kuti kuno amuna amathandizana kusiya mowa, ndipo amene thupi lawavuta anesi amawapatsa mankhwala. Anatipatsa malo kumapeto kwa benchi. Itafika nthawi yawo, ababa anaimirira, nati chimene amaopa kwambiri n'kuona ana awo akugona pamsewu. Ndinali ndisanawamvepo akuti amaopa kanthu. Amayi anakankhira mthiko pansi pa chikwama.

Pa Khirisimasi ababa anaterereka n'kumwanso, koma mdala wadazi uja anabwera pa njinga kudzawatenga. Nyengo yowotcha itafikanso, fodya anatuluka m'balani wachikasu, ndipo m'nyumba muja tikadalimo.

Lachitatu lililonse amayi amasita shati ija, n'kuikoleka pachitseko.

"Mawa musachedwe, bambo a mwana. Mkazi mnzanga angakwiye."