Tsiku limene tinalowa tchalitchi cha eni ake

Achemwali anga Tamanda, lero patha chaka chitisiyireni, koma m'mawa uno ndangozindikira ndikuseka ndekha m'basi ya ku Beaumont Leys. Ndinakumbukira ulendo wathu wa ku Lincolnshire, kukamudzi kaja ka m'mbali mwa mtsinje, kumene mnzanu wa kuntchito ankabatizitsa mwana. Munayang'ana minda yadothi lakuda ija, yopanda ndi chulu chomwe, n'kunena kuti, "Iwe, ili ndi dambo, angoliphwetsa madzi. Akanandipatsa ine, bwenzi wonsewu uli mpunga."

Kamudziko n'kakang'ono, koma kali ndi matchalitchi awiri, china tsidya lino, china tsidya linalo. Poti tinachedwa, tinangolowa choyandikira. Tinapezamo nkhalamba zochepa zikuimba monong'ona, woimba limba atadwala. Nyimboyo inali yoti kwathu timaimbanso, ndiye inu munangoikweza m'Chichewa, mawu mpaka kudenga. Ine ndikukukodolani, "Achemwali, mwana ali kuti? Tasochera!" Inu osatekeseka: "Dikira, timalize kaye vesi." Vesi itatha, tikuthamanga pamlatho kulowera ku tchalitchi chinacho, nsapato zili kumanja, tinacheuka n'kuona agogo aja akutilondola ndi ndodo zawo. Gogo wina anati tchalitchi cha tsidyalo sanapondemo chikwatiwire, koma mawu otere sangawalole apite okha. Tinafika mwana asanathiridwe madzi, ndipo anabatizidwa mipingo iwiri ikuimbira limodzi.

Ndakusowani kwambiri, achemwali. Usani mumtendere, ndipo kumeneko angelo muziwapatsako mpata woyambitsa nyimbo.