Botolo la Mayi Telala

Ankasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ya mlamu wake, ndipo aliyense ankangomuti Mayi Telala. Anapezeka ndi HIV ali ndi pakati pa mwana woyamba. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, anakayezetsa yekha n'kubwera ndi mawu akuti iye alibe.

"Komabe sindikusiya," anatero. "Akanakhala wina, bwenzi katundu wako ali panja."

Mawu amenewa ankatuluka pa mkangano uliwonse, ngakhale wa mchere wochepa m'ndiwo. Mayiyo ankangozyolika. Ankadziimbanso mlandu wosasamala, chifukwa botolo la mapiritsi ake linkatha tsiku lokatenga ena lisanafike, mpaka ankanamiza anesi kuti agwera m'madzi.

Chaka china anesi anamuuza za kafukufuku. "Tikuikani dilipi ya asilikali a m'thupi opangidwa kale, ogwira kachilombo. Kenako musiya mapiritsi, ife tiziyeza magazi pafupipafupi, tione ngati chitetezo chanu chingakapanikize chokha. Si kuchira ayi. Kakadzuka, mubwerera ku mapiritsi."

Anavomera. Mapiritsi otsala anakawasiya kuchipatala monga anamuuzira. Miyezi inadutsa kachilombo kali phee, ndipo anayamba kuimba akupalasa makina.

Mwamuna yekha ndiye sanasangalale. "Akukuyesa khoswe amenewo. Kauze anesi akubwezere mapiritsi ako." Mayi Telala anauza mng'ono wake monyadira kuti bambo a mwana akumudera nkhawa.

Kenako dalaivala uja anayamba kutsokomola, lamba n'kumakhwefuka m'chiuno. Atamugoneka m'chipatala, mkazi wake analowa ndi beseni la madzi ofunda, n'kupeza dokotala akufunsa.

"Ndiye mwati mankhwalawo munkatenga kuti, poti dzina lanu mulibe m'kaundula?"

Wodwalayo anayang'ana kukhoma. Dokotala atatuluka, mayiyo anaika beseni pansi.

"Bambo a mwana, mankhwala ake ati?"

"Ndinkatapako ako."

"Munadziwa liti?"

"Tisanakwatirane."

Sanalire, sanakuwe. Anamupukuta msana, chifukwa madzi anali kuzizira. Anamudwazika mpaka anadzuka, anamuperekeza kukalembetsa mankhwala m'dzina lake. Atatero ananyamula makina ndi mwana, n'kusamukira kwa mng'ono wake uja.

Apongozi anabwera kudzapepesa. "Mwanangayu ankachita manyazi, mayi."

"Manyaziwo ndamusenzera zaka zonsezi, amayi. Khosi latopa."

Patapita nthawi kachilombo kanayambanso kukwera, ndipo anabwerera ku mapiritsi monga anapangana. Anesi anati thupi lake linalimba nthawi yaitali kuposa la anzake ambiri a m'kafukufukuyo. Iye anangogwedeza mutu.

Tsiku lina masana dalaivala anaima pakhonde paja atanyamula mathalauza awiri, akuti amuchepetsere m'chiuno. Mayi Telala anadula ulusi ndi mano, maso ali pa nsalu.

"Telala wina ali kutsidya kwa msewuko," anatero. "Amasoka bwino."