Kuyetsemula kwa a Tokuji

A Tokuji Sugawara a ku Sendai, ku Japan, musawaonere kufupika, pakamwa pawo mpa moto. Anakulira kusoka makoka ku Kesennuma, koma lero amamanga mawaya opyapyala kuposa tsitsi m'bokosi lolondola maelekitiloni. Akatswiri amawombera maelekitiloniwo pa pulotoni, kanthu kakang'onong'ono ka mkati mwa atomu, ndipo kumene anjanjira ndiko kumaulula kukula kwake. Waya mmodzi akaduka, bokosi lachita khungu. Munthu ayerekeze kunyoza ntchitoyo, ayiona!

Chaka chino mikungudza inawaza mungu mopanda chisoni. Mphuno ya a Tokuji inasanduka mpope. Bokosi latsopano litatsala pang'ono kutha, makina oponya maelekitiloni akudikira, bambo aja anayetsemula kapani ali m'manja. Waya thapu!

Masae Endo, mayi amene agwira naye ntchito zaka zambiri, anawalozera khomo.

"Madala, tulukani. Mphuno yanuyi itimaliza."

"Iwe Masae! Bokosi langa ndikusiyire iwe, manja ngati nkhanuwo?"

"Nkhanu siyiyetsemula. Kapani kuno."

Zinawawa. Chiyambire, bokosi lawo linali lisanamalizidwepo ndi munthu wina. Koma nthawi imene wapatsidwa pa makinawo ikakudutsa umadikira mpaka dzinja, ndipo a Tokuji sakanalola anzawo agwe nawo m'dzenje. Anapereka kapani ngati akupereka mwana.

Anakaima kuseri kwa galasi la chipinda chosalowa fumbi, maso psuu, nkuyamba kulalata. "Kokako pang'ono! Osati choncho, chitsiru iwe! Ukumanga mbuzi kodi?" Masae ankangogwedeza mutu mwaulemu, manja ali pantchito. A Tokuji mtima unakhala pansi: mwanayu akumvera.

Makina atayatsidwa, timizere ta njira za maelekitiloni tinayamba kuoneka pa kompyuta, towongoka bwino, popanda waya wogona.

"Mwaona? Malangizo anga amenewo!" anakuwa a Tokuji.

"Malangizo ati, madala? Mawu sadutsa pagalasi lija. Ndimangoona kukamwa kuli yasa yasa ngati nsomba ya pamsika. Sindinagwirepo ntchito mwamtendere chonchi."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. A Tokuji anatukwana galasi, mikungudza ndi amene anaidzala. Kenaka anakokera Masae kokadya lilime la ng'ombe lootcha, ndipo aliyense wolowa m'nyumba yodyeramoyo ankamuuza mokweza kuti mayi uyu ndiye mmisiri, wotsutsa atuluke panja akambirane.