Sabata Yanga Yolandira Alendo

Pali chinthu chimene anzanga a m'gulu lathu la pa intaneti sakuchidziwa mpaka lero. Bambo wachikulire uja amene analowa m'gulumo m'nyengo yotentha, n'kutuluka tsiku lomwelo, ndi apongozi anga, bambo ake a mwamuna wanga. Anzangawo amaganiza kuti anathawa chipongwe cha anyamata. Ine ndangokhala chete, ndipo kukhala cheteku kukundilemera.

Gulu lathu ndi la anthu ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ambiri ndife a muno mu Livingstone, ena ali ku Lusaka, ena sindidziwa n'komwe kumene amagona. Ndinalowamo nditangobereka, chifukwa satifiketi yanga ya ku koleji inkangochita fumbi m'sutukesi ndipo ndinkaopa kuti mutu uuma. Timapatsana tintchito toyeserera, wina zikamukanika ena amamuthandiza. Aliyense ali ndi dzina lodzipatsa yekha. Langa silifanana ndi la pa chitupa, ndipo pamalo pa nkhope ndinaikapo duwa. Kunyumba palibe ankadziwa kuti ndili m'gulu lotere.

Tili ndi mwambo wolandirira alendo. Sabata iliyonse pamakhala munthu mmodzi amene timamutcha wapakhomo. Mlendo akalowa amatumiza kantchito kake koyamba, kaya kabwino kaya kophwanyika, ndiye wapakhomoyo amamuyankha ndi mawu ojambula, osati olemba, dzuwa lisanalowe. Amatchula chimodzi chimene mlendo wachita bwino ndi chimodzi choti akonze. Zonse pagulu, aliyense akumva. Kutsata mlendo kumbali n'koletsedwa, chifukwa kale kunali amuna ena amene ankayamba ndi kulonjeza thandizo n'kuthera pofunsa kumene mtsikana amakhala. Za mawu ojambulazo, adimini, woyang'anira gulu lathu, amati munthu akamva liwu la mnzake amadziwa kuti kuno kuli anthu, sachita manyazi kufunsa. Ndi zoona. Ineyo ndinakhazikika chifukwa cha mtsikana wina amene anandilandira akuseka, kumbuyo kwake kukumveka mahutala a minibasi.

Timakhala ku Highlands, m'nyumba ya apongozi. Mwamuna wanga amagwira ntchito ku loji ina ya kumtsinje, amabwera mwa apo ndi apo. Ine ndi mwana tili ndi chipinda cha kumapeto, windo lake loyang'ana pakhonde. Apongozi aamuna anapuma pantchito kalekale, masiku ano ali ndi tebulo la ziboliboli ku Mukuni Park limodzi ndi mnzawo. Si munthu wankhanza ayi. Koma chilowereni m'nyumba muno sindinawayang'anepo m'maso. Tiyi ndimapereka nditagwada, mawu anga ambiri amadzera kwa apongozi aakazi, ndipo akalakwitsa tsiku la sikelo ya mwana ndimangoti inde ba Tata, n'kukachita zoyenera ndekha kuseri.

M'mawa wina, m'sabata yanga yapakhomo, foni inalira. Mlendo. Nditatsegula ndinaona nkhope ya apongozi, atavala suti yawo ya kutchalitchi, dzina lawo lonse lathunthu pamwamba. Malata anali atayamba kale kuwotcha. Ndinamva pambuyo pake kuti munthu wina wokonza mafoni mu Mosi-oa-Tunya Road ndiye anawalowetsa, atamuuza kuti akufuna tsamba loonetsa ziboliboli kwa alendo asanafike n'komwe m'tauni. Laputopu yakale ya mwamuna wanga ndinkaiona ndithu pakhonde masiku amenewo, koma ndinkati akuonerapo maulaliki.

Anadzidziwikitsa m'Chingelezi cha m'makalata a ku ofesi, kenako n'kutumiza tsamba lawo. Mawu onse anali m'malo mwake: mvuu, njovu, ndodo zosema, chilichonse ndi mtengo umene anachisemera. Koma zithunzi kunalibe, timabokosi topanda kanthu tokhatokha. Tsambalo anali atalilozera ku zithunzi zokhala m'laputopu yawo yokha, ndiye kwa iwo zonse zinkaoneka, kwa ife ayi. Tonsefe tinalakwitsapo zimenezi poyamba.

Mnyamata wina sanadikire wapakhomo. Analemba kuti, "Ba mudala, mvuu zanu zamira, sitizionako kuno." Mnzake n'kuwonjezera kuti mwina zabwerera ku Zambezi kukaona abale. Tinkhope toseka tinagwa ngati matalala. Apongozi anayankha mwaulemu kuti kwa iwo zithunzi zonse zikuoneka bwino lomwe, mwina mafoni a anawo ndi amene ali ndi vuto. Kuseka kunawirikiza. Ndinasuzumira pawindo. Anali pakhonde, magalasi pamphuno, chala chimodzi chili m'mwamba chikufunafuna batani.

Ndinalembera adimini kumupempha kuti wina andigwirireko tsiku limenelo. Atafunsa chifukwa ndinati mwana sakupeza bwino, Mulungu andikhululukire, mwanayo ali m'tulo tabwinobwino. Anandiyankha kuti iye ali pa basi, netiweki ikungoduladula, ndipo sabata ndi yanga, ndijambule mwana akagona, si nkhani yaitali. Ndinayamba kulemba yankho m'malo mojambula, koma ndinadziwa kuti anyamata aja salola. Anali atayamba kale kuitana kuti wapakhomo ali kuti, kodi wapita kumsika ndi makiyi.

Masana onse ndinachapa matewera mutu uli kwina. Kukhala chete kukanakhala kuwasiya m'manja mwa anyamata aja, iwo akuumirirabe kuti zithunzi zilipo, ndipo uthenga uliwonse umene ankatumiza unkawonjezera nkhuni pamoto. Kupita pakhonde kukawauza pamaso, ndikanayambira pati? Ine mpongozi kuima pa phewa la bambo wa nyumba n'kumaloza pa sikirini kuti apa mwalakwitsa? Kudzera kwa apongozi aakazi, iwo akanayamba ndi kufunsa kuti m'gulu lodzaza anyamata ndimafunamo chiyani mwamuna wanga ali kutali. Ndinalowa m'bafa, n'kukhoma chitseko, n'kuyesa kujambula ndi liwu lina, Chingelezi chotulukira m'mphuno ngati cha owerenga nkhani pa wailesi. Nditamvetsera ndinachita manyazi. Linali liwu langa lomwe, kungoti tsopano linkamveka ngati ndikuwanyogodola. Ndinafufuta.

Dzuwa litapendeka ndinabwerera kuchipinda n'kujambula ndi liwu langa lenileni. Ndinazindikira nditamaliza kuti ndinali nditagwada pambali pa bedi, foni ndagwira ndi manja awiri. Ndinanena kuti, "Akuluakulu, takulandirani. Tsamba lanu mwalikonza mwadongosolo, ambiri a ife sitinayambe chonchi. Zithunzi zokha ndi zimene zatsalira m'laputopu mwanu, n'chifukwa chake inu mukuziona ife sitikuziona. Muziike m'foda imodzi ndi tsambalo, mutumizenso zonse pamodzi. Tonse tinadutsamo mmenemo." Ndinatumiza ndisanasinthe maganizo.

Anthu akuluakulu samvetsera foni motsitsa. Liwu langa linatuluka pakhonde mokweza, n'kulowa pawindo langa lomwe. Ndinadzimva ndikunena kuti takulandirani kwa mwini nyumba imene ndimagonamo. Apongozi aakazi anali pomwepo, akusankha nyemba m'lichero.

"Aa, si amake mwana awa?" anatero. "Bwezaniko timve bwino."

Apongozi aamuna sanabweze. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango. Mwana anadzuka, ndinamuika kubere asanalire, ngati kuti kulira kwake ndi kumene kukanandiulula. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, ndikudikira kuitanidwa. Ndinkakonza mayankho m'mutu n'kumawataya. Ndinaganiza zoimbira mwamuna wanga, koma ndikanati chiyani, kuti ndakonza bambo ako pagulu? Palibe anandiitana. Ndinangomva mabatani akugogoda pang'onopang'ono, limodzi, kenako lina.

Tisanadye chamadzulo foni inaliranso. Tsamba latsopano. Mvuu zonse zinali pomwepo zikunyezimira polishi, njovu, ndodo, mpaka dzanja la mnzawo litagwira chiboliboli kuti chisagwe. Anyamata aja anasintha nyimbo, wina n'kulemba kuti ba mudala ni moto. Apongozi anatumiza mzere umodzi wothokoza madamu wapakhomo chifukwa cha malangizo omveka bwino. Mtima unayamba kutsika. Kenako pansi pa mzerewo panatuluka timawu totuwa tonena kuti achoka m'gulu.

M'mawa mwake ndinapereka tiyi monga mwa masiku onse. Ndikudzuka kuti ndizipita, apongozi aamuna anandiimitsa osandiyang'ana.

"Amake mwana, anthu aja adziwa kuti mukhala nyumba ino?"

"Iyayi, ba Tata."

"Zikhale tero."

Basi. Sanakalipe, ndipo mwana wawo sanamuuze. Apongozi aakazi anangondiyang'ana nthawi yaitali n'kundituma kukagula sopo. Laputopu inakwera pamwamba pa wodiropu ndipo sinatsikenso. Ku Mukuni Park amapitabe m'mawa uliwonse, kukadikira alendo odutsa ndi miyendo ngati kale. M'gulu, adimini anadzudzula anyamata awiri aja pamaso pa onse kuti athamangitsa munthu wamkulu. Mmodzi anapepesa, mnzake anakwiya n'kusiya kutumiza ntchito kwa kanthawi. Ine ndinkawerenga zonsezo mwana ali kumsana, osanena kanthu, poti ndinauzidwa kuti zikhale tero.

Nthawi zina ndimati ndikanaumirira bodza la matenda a mwana, wina akanawalandira, bwenzi lero akadali m'gulu, akuphunzira pansi pa denga limodzi ndi ine osadziwa kanthu. Koma ndiye bwenzi ndikuwerenga zolakwitsa zawo zonse mobisala, m'mawa n'kumawapatsa tiyi ngati sindinaone. Zimenezo nazo si ulemu. Tsiku lina ndimadzuka ndikukhulupirira kuti ndinawateteza kwa anyamata aja, tsiku lina ndimaona kuti ndinawachepetsa pamaso pa akazi awo, n'kuwalanda chinthu chimene anayamba okha ndi mtima wonse. Mwamuna wanga sindingamufunse, anzanga a m'gulu sindingawauze. Ndiye ndikufunsa inu amene simutidziwa, muli kutali ndi khonde lathu: ndinachita bwino kodi kuwayankha ndi liwu langa?