Mng'alu wa Njiwa

A Levulo sankatha kukhala phee m'nyumba ya eni. Mukawaitana ku chakudya, maso awo ankangokhala pakhoma, dzanja likusisita pulasitala ngati akuyeza kutentha kwa mwana wodwala. "Apa pali kamimba," ankatero. "Anakupulasitalirani ndani, wokhoma zidebe?" Dzina limeneli anawapatsa ndi amisiri anzawo, chifukwa levulo, kachipangizo koyezera kuwongoka kwa khoma, sinkachoka m'thumba lawo lakumbuyo. Zaka makumi awiri ndi zitatu anali akupulasitala nyumba za anthu, ndipo mdani wawo anali mmodzi yekha: mng'alu. Akauona pakhoma, thupi lonse linkawayabwa.

Mmisiri wotereyu anakhala zaka khumi ndi chimodzi m'kanyumba ka lendi kopindika makoma. Yawoyawo ankaimanga pang'onopang'ono akaweruka kuntchito, lero mizere iwiri ya njerwa, mawa felemu la zenera. Chipinda chimene anachitayira nthawi kwambiri chinali cha mwana wawo. Khoma lake analisalaza mpaka ntchentche ikanaterereka.

Mwana anali mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankamutcha Njiwa chifukwa akakhala pamtendere ankalira chapansipansi kuti huu, huu. Adokotala anati ali ndi otizimu, ndipo anafotokoza kuti mwana wotere zinthu zikasintha mtima wake umasowa pogwira. Mawu anali nawo ochepa. Kapu yake inali imodzi, mpando wake umodzi, ndipo nsapato ankayamba kuvala yakumanzere ngakhale kunja kutagwa zotani. A Levulo anazimva bwino za adokotala. Posamuka ananyamula kapu ija m'thumba la malaya, bedi analiyang'anitsa kuzenera monga linalili, ngakhale nsalu yakale yapazenera anaipachika, yong'ambika choncho. Anaona ngati palibe chimene aiwala.

Koma kuyambira tsiku loyamba zinthu sizinayende. M'mawa uliwonse Njiwa ankadzuka, n'kupita kuseri kwa chitseko, n'kugwira khoma kanthawi pang'ono. Kenako mfuu. Ankatseka makutu, n'kudziluma padzanja, n'kuliyatsa liwiro lolunjika ku geti. Chitsulo chotsekera geti anachidziwa tsiku lachiwiri. Kunja kwa getilo kanjira kankatsikira kumsewu waukulu kumene malole amathamanga ngati akuthawa moto, ndipo kutsidya kwa msewuwo ndiye kunali kolowera kunyumba yakale.

Ulendo woyamba anamugwira amayi ake. Wachiwiri anamubweza mayi wina wogulitsa tomato. Wachitatu dalaivala wa lole anaponda buleki mpaka matayala ananunkha, ndipo anthu amene anaona anagwira pakamwa. A Levulo anasiya kudya bwino. Kuntchito ankati akaponya matope pakhoma kawiri, foni ili m'manja: "Ali pati?" Pakapita mphindi khumi: "Nanga pano ali pati?" Tsiku lina anapulasitala khoma lonse osaliyeza, ndipo anzawo anayang'anana.

Lachinayi alamu awo, akulu awo a akazi awo, anabwera ndi loko m'chikwama. Anamuika patebulo kuti khu.

"Alamu, geti mwanayu akukwera. Ndamuona ndi maso angawa. Khomerani loko uyu pachitseko cha chipinda chake, amayi akewa azipumako."

"Ine sindinamange khola, alamu. Ndinamanga chipinda cha mwana."

"Ndiye mukufuna mukamutole pamsewu?"

Akazi awo sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri a Levulo. "Bambo a Njiwa, inu mumapita kuntchito. Ine ndimasamba chitseko chili pululu, sopo ali m'maso, khutu lili ku geti. Ndatopa. Likafika Lolemba zinthu zili chonchi, lokoyu ndikhomera ndekha."

A Levulo ankadziwa kuti akazi awowo sankanama. Koma akaganiza za Njiwa akumenya chitseko chokiyidwa, yekhayekha m'chipinda chimene iwo anachisalaza ndi manja awo, m'mimba munkawatentha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka m'mawa a Levulo anamuveka Njiwa nsapato, kuyambira yakumanzere, n'kumugwira dzanja. "Tiyeni, mama. Kumene mumathamangirako, lero tipitire limodzi." Ankafuna akaone nyumba ija kuti muli anthu ena tsopano, mwina mtima ukhala pansi. Anawoloka msewu. Njira yonse mwana anali patsogolo, akuwakoka bambo ake ngati mbuzi.

M'nyumba yakale munalowa aphunzitsi ena aakazi, ndipo anawapeza akuchonga makope pakhonde. A Levulo anayamba kufotokoza, mawu akupunthwa okhaokha, koma Njiwa sanadikire odi. Sanayang'ane mtengo wapabwalo umene ankakonda kukhala pansi pake. Sanayang'ane pabalaza. Anangolunjika kuchipinda chimene ankagona, kuseri kwa chitseko.

"Musiyeni," anatero aphunzitsi. "Tiyeni tione."

Njiwa anaika chala pakhoma, m'munsi cha m'mawondo. Chala chinakwera pang'onopang'ono, chinakhotera kumanzere, chinatsika pang'ono, chinakweranso mokhotakhota mpaka pamene dzanja lake linkafika. Anabwereza. Anabwerezanso, mwamphamvu tsopano, chikhadabo chikukanda penti. Kenako analira kulira kumene a Levulo anali asanakumvepo, n'kudzigwetsa pansi.

Aphunzitsi anasuzumira. "Koma pamenepa palibe kanthu. Mpaka ndimauza anzanga kuti nyumba yonseyi malo osalala ndi ano okha."

A Levulo anayang'anitsitsa pamalo osalalawo. Chigamba chija anachizindikira, pakuti mmisiri saiwala dzanja lake. Pamenepo panali mng'alu, wautali, wonyansa, umene unkawayabwa zaka zonsezo. Kawiri konse anafuna kuumata, koma nthawi zonse mwana ankakhala ataima pomwepo, ndipo iwo ankati ndidzamata mawa. Tsiku losamuka, katundu ali kale pagalimoto, anati anthu asadzanene kuti nyumba imene munkakhala Levulo inali yong'aluka. Anakanda timatope, n'kumata, n'kusalaza, mluzu uli pakamwa. Njiwa anali ataima pakhomo akuwayang'ana. Iwo anamumwetulira.

Manyazi anawagwira mpaka anakanika kutsanzika bwino. Anamubereka mwana kumsana, wamkulu choncho, miyendo ikuwamenya m'mawondo.

Atafika kunyumba analowa m'chipinda cha Njiwa n'kugwada kuseri kwa chitseko. Papenti woyera panali kamzere kakuda ka litsiro la chala. Kanayambira m'munsi, kanakwera, kanakhotera kumanzere, kanatsika pang'ono, kanakweranso.

"Mayi a Njiwa! Ichi chinayamba liti?"

"Chilowereni muno. Ndimapukuta tsiku lililonse, ndimadziwa kuti inu ndi khoma lanu simufuna masewera."

"Musadzapukutenso."

Anatenga msomali wa sikisi inchi ndi hamala. Dzanja linakana. Analiika pakhoma, n'kulichotsa, n'kutuluka panja kukamwa madzi amene analibe nawo ludzu. Anazungulira nyumba yonse, anawongola ndowa imene inali yowongoka kale, n'kubwereranso. Pomaliza anatsinzina diso limodzi ngati akuzulidwa dzino, n'kukhoma. Pulasitala anathetheka.

Koma chizolowezi n'chovuta. Atamaliza kutsata mzere uja anaona kuti m'mbali mwake ndi mokakala, mungamucheke mwana. Anatenga sandipepala n'kusalaza bwinobwino, n'kupemerera fumbi. Unatuluka mng'alu waukhondo, wokongola, woti ungaonetse alendo. Njiwa anabwera, anaikamo chala, sanafike ndi pakati pomwe. Mfuu, makutu, geti. Amayi ake anamugwirira pa kanjira kotsikira kumsewu.

"Mwangowononga khoma," anatero akazi awo, ali wefuwefu, mwana akuphiriphitha m'manja mwawo.

A Levulo anakhala pabedi la mwana, akuyang'ana ntchito yawo. Anayesa kukumbukira mng'alu wakale uja, osati ndi maso koma ndi chala, monga unkamvekera akamausisita mokwiya podutsa. Unali wokakala. Pena wotakata, pena wopyapyala ngati ulusi, pena mchenga ukuyoyoka. Unali ntchito ya mmisiri woipa.

Lamlungu m'mawa anagwira ntchito yoipa kwambiri pa moyo wawo wonse. Anakhoma mopotoka dala. Pena analowetsa msomali kwambiri, pena anangokanda. Chidutswa chikathothoka ankachisiya choncho, mano ali gwa. Sandipepala anamuponya kunja pazenera kuti asawayese.

Akazi awo anali kuchapa kuseri, ndipo popita kukataya madzi anasiya geti lotsegula. A Levulo analiona pazenera nthawi yomweyo imene Njiwa ankalowa m'chipinda. Anafuna kudzuka, koma mwana anali ataika kale chala pakhoma, ndipo iwo anaopa kugwedezeka.

Chala chinakwera. Chinakhotera kumanzere. Chinatsika, chinakweranso. Chitatsala pang'ono kufika pamwamba chinaima. Mapewa a mwana anakwera, mpweya unayamba kuthamanga, ndipo a Levulo anayeza ndi maso mtunda wochoka pamene anakhala kukafika pachitseko.

Njiwa sanathawe. Anatembenuka, n'kugwira chala cha bambo ake, chokakala ndi simenti chija. Iye amene sankafuna kuti munthu amukhudze asanakonzeke anachikoka yekha, n'kuchikanikiza pakhoma, pambali pang'ono pa mng'alu. Anakanikiza kawiri.

Pamenepo ndi pamene anakumbukira. Kunyumba yakale, pamalo amenewo panali kabowo, pamene wina anazulapo msomali kalekale. Iwo anakhala m'nyumba ija zaka khumi ndi chimodzi akumati amalidziwa khoma lililonse.

"Pepani, mama," anatero. "Tsekani makutu."

Mwana anatseka makutu. Hamala inalira kamodzi.

Njiwa anayambiranso pansi. Chala chinayenda njira yonse, chinalowa m'kabowo, chinazungulira, n'kutuluka. Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Kenako anakhala pansi pomwepo, msana kuchitseko, tsaya ataligunditsa kukhoma.

Akazi awo anafika pakhomo la chipinda, thovu lili m'manja, pakamwa patatseguka kale kuti afunse. A Levulo anangowakodola kuti akhale. Anakhala pansi onse awiri, pafumbi la pulasitala, misozi ikutsika popanda woibisa. Kunja geti linali lotsegula, ndipo palibe amene anadzuka kukalitseka.