Timagalasi ta Shamima pa Thandala la Usipa

Mayi Mwanamvua a ku Nkope sadziwa kukhala pansi. Ndayandikana nawo nyumba zaka makumi awiri, koma sindinawaonepo akumaliza tiyi ali malo amodzi. Ntchito yawo ndi kunyika mlaza mu utoto n'kuluka mikeka, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: chonyikidwa chimaumira pamthunzi. Ukayanika padzuwa, m'makutu mwako mulira tsiku lonse.

Chaka chatha kunabwera Shamima, mwana wa mchimwene wawo, amene amaphunzira sayansi kukoleji. Anabwera ndi timagalasi tating'ono ngati bokosi la machesi. Kena ankakanyika m'madzi ofiira a chidede, kanzake ankakapaka makala a mankhusu a mpunga, n'kutiphatikiza. Dzuwa likawomba, utotowo unkatulutsa magetsi pang'ono. Vuto linali loti chidede chimasuluka msanga, magetsi n'kuthera pomwepo.

"Azakhali, utoto wanu suja susuluka? Ndiphikireni," anatero Shamima.

Anamuphikira, monyadira ndithu. Shamima ananyika timagalasito mu utotowo, n'kutiyala pa thandala loyanikapo usipa kuti tipsye ndi dzuwa masiku khumi. Ankayeza magetsi m'mawa uliwonse, kenako n'kukwera minibasi kupita ku boma kumene ankaphunzira ntchito. Utoto ukapirira, aphunzitsi ake amulola kupitiriza kafukufukuyo. Ukalephera, basi.

Tsiku loyamba lomwelo a Mwanamvua anavutika. Apite kunyanja, abwere, asuzumire thandala. Ayambe kuluka, asiye. Dzuwa la Okutobala la kuno mukulidziwa. Lisanafike pamutu, mtima unawakanika: ananyamula timagalasi tonse n'kukatiika pakhonde. Madzulo anatibwezera mwakachetechete. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Ine ndinkaona koma ndinatseka pakamwa, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Tsiku lakhumi Shamima anafuula, kope lili m'manja. "Azakhali! Magetsi sanatsike! Dzuwa lonse lija, utoto wanu uli nji!"

A Mwanamvua sanaseke. Anasesa bwalo losesa kale. Anakatunga madzi mitsuko ili yodzadza. Mawa lake anabwera kwathu kudzabwereka mchere, n'kubwerera osautenga. Kenako ndinawaona ataima pakhomo pa mtsikanayo, akupotokola nsonga ya mpango.

"Mwanangu, dzuwa lija silinatiwombe timagalasi tako. Ndinkatichotsa ineyo. Ndimati tingasuluke."

"Masiku angati?"

"Onse."

Shamima anati, "Zotsatira ndatumiza kale dzulo. Aphunzitsi ayankha kuti andilandira."

"Ndiye usawauze. Ndani akudziwa? Wallahi, ndikulumbira, ine sindiuza munthu."

Mtsikanayo anawayang'ana, misozi ili lengelenge, n'kutulutsa foni. Ikuitana, a Mwanamvua anakhala pansi pa dothi pomwepo, manja ali pamiyendo, ndipo anamvetsera mwana wa mchimwene wawo akuuza aphunzitsi kuti afufute dzina lake pa mndandanda wa opitiriza kafukufuku.