A Tanthauzo, Womasulira Amene Anasiya Khoti

Akhristu anzanga, sabata yatha tinaika m'manda bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Tanthauzo. Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, poti ndinali woyandikana nawo nyumba, ndipo m'zaka zawo zomaliza ndine ndinkawagwira dzanja pamsewu. Ambiri mukuwakumbukira ngati nkhalamba yanthabwala imene inkakhala pakhonde la holo ya parishi Loweruka lililonse, kuyankha mafunso a Chingerezi. Ndi ochepa amene akudziwa chimene chinawakhazika pakhondepo. Iwo eni anandiuza kuti, "Ndikadzapita mudzanene zonse. Musadzandipake mafuta onunkhira."

Anabadwira m'nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa galaja yokonzera mabasi. Bambo awo anali mlonda pagalajapo, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Ali mwana ankatumikira Misa ya m'mawa asanapite kusukulu, ndipo Chingerezi anayamba kuchitola pa zitini za oyilo ndi pa zikwangwani za mabasi. Chilichonse cholembedwa ankachiwerenga mokweza, mayi awo n'kumaseka amvekere, "Mwana uyu adzakwatira chitini." Sukulu sanaimalize. Bambo awo atamwalira, iwo monga mwana woyamba anasiya mabuku n'kukalowa ntchito ya umesenjala kukhoti kuti azing'ono awo asagone ndi njala.

Woweruza wa pakhotipo anali mlendo wosamva chinenero chathu. Womasulira wakale atapuma pantchito, woweruzayo anaona kuti mesenjala wake ali ndi lilime lopepuka, ndipo anamukweza. A Tanthauzo anagula jekete, anakwatira, ana anabadwa. Chingerezi chawo chinkathamanga ngati madzi a pampopi, ndipo panalibe wowakonza, chifukwa onse owazungulira ankadziwa chochepa kuposa iwo.

Tsiku lina kunabwera mlandu wa telala. Telalayo atadwala anabwereketsa makina ake osokera kwa mlamu wake. Atachira, mlamuyo anakana kubweza. Telala anapita mwini nyumba kulibe, anakankha chitseko, n'kusenza makina ake. Mlamu anakasuma kuti waberedwa, ndipo ananena kuti makinawo ndi ake, telala ankangobwereka. Panalibe pepala la umboni mbali zonse. Milandu inali yambiri tsikulo, woweruza ali ndi changu, ndipo anafunsa funso limodzi: makinawo anabwereka ndani kwa mnzake?

Telala anayankha kuti, "Ndinamubwereka ine, bwana, nditadwala."

A Tanthauzo anamva bwino lomwe kuti telala akunena kuti anabwereketsa. Koma anatembenukira kwa woweruza n'kunena monga ankanenera masiku onse: "I borrowed him the machine." Woweruza analemba kuti woimbidwa mlandu wavomera yekha kuti makinawo anachita kubwereka, ndiye kuti sanali ake. Telala atamva chigamulo anayamba kukuwa, apolisi anamukokera kunja, ndipo analowa ndende. A Tanthauzo anadabwa pang'ono, koma anaganiza kuti malamulo ali ndi eni ake.

Panapita nthawi yaitali. Tsiku lina atatuluka mu Misa analowa m'laibulale ya parishi, imene inkayang'aniridwa ndi sisitere wina wokalamba, mphunzitsi wa Chingerezi. Ananena kuti, "Sister, borrow me that dictionary."

Sisitere anaseka. "Ayi, bambo. Ife tili ndi mawu amodzi, kubwereka, koma Chingerezi chili ndi awiri. Wolandira ndiye amachita borrow. Wopereka amachita lend. Mukati 'I borrowed', mwanena kuti chinthucho si chanu."

A Tanthauzo anandiuza kuti pomwepo anakumbukira mlandu wa telala uja. Anakhala pabenchi, buku lili m'manja, osalitsegula. Sisitere anayesa kuti adwala.

A Tanthauzo anafunsafunsa mpaka anapeza kumene telala ankakhala. Anali atatuluka kale kundende, koma anatulukako ndi chifuwa chachikulu. Makasitomala anali atamuthawa, poti ndani angasiye nsalu yake kwa wakuba? Anamupeza atagona pamatiresi m'chipinda chamdima, mkazi wake akumupukuta thukuta. A Tanthauzo anagwada pakhomo n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu.

Mkazi wa telala anaimirira. "Mawu amodzi? Mwamuna wanga watha chonchi chifukwa cha mawu amodzi? Ndiye mwabwera kuti titani, tikuombereni m'manja?"

Telala anakweza dzanja kuti mkazi wake akhale chete. Anafunsa motsitsa, akupumira m'mwamba: "Ndiye kuti tsiku lija inu munandimva bwinobwino?"

"Ndinakumvani, bambo."

"Chabwino. Ine ndimayesa kuti m'nyumba monse muja munalibe amene anandimva." Anatembenukira kukhoma. Mvula isanagwe anamwalira.

A Tanthauzo anapita kwa akuluakulu a khoti kukapempha kuti dzina la telala liyeretsedwe. Woweruza uja anali atabwerera kwawo. Akuluakuluwo anawauza kuti mlandu unatsekedwa, munthu anagwira kale ukaidi wake, madzi akatayika saoleka. Mkulu wina anawakokera pambali n'kuwalangiza kuti atseke pakamwa ngati ntchito akuifuna. A Tanthauzo anayesa kubwerera m'khoti, koma woimbidwa mlandu atangoyamba kulankhula, iwo analephera kumasulira. Anavula jekete, anatula pansi ntchito, ndipo analonjeza pamaso pa Mulungu kuti sadzaimanso pakati pa anthu awiri kuwamasulira.

Kunyumba kunavuta. Mayi a kunyumba kwawo analira. "Bambo, telala wapita, ndamva. Nanga ana anuwa alakwa chiyani?" Banja linasamukira m'nyumba yaing'ono yodontha. Iwo anapeza ntchito yonyamula mapepala ndi kusesa pamalo osindikizira mabuku, ndipo anaigwira mpaka ukalamba. Mwana wawo wamwamuna woyamba, amene anali wanzeru m'kalasi, anachoka pasukulu yabwino n'kupita ina yopanda mabuku. Sanawakhululukire. Atakula anapita kutali kukagwira ntchito, ndipo akabwera kudzaona mayi ake, bambo ake ankawalankhula m'Chingerezi chokhachokha, mawu awiri atatu, ngati mlendo wa pabasi. A Tanthauzo ankayankha mofatsa, koma mwanayo akachoka ankakhala tsiku lonse osadya.

Mkazi wa telala naye sanafewe. A Tanthauzo anayesa kumutumizira thumba la chakudya, linabwerera. Anayesa kupempha kuti athandize ana ake sukulu, anawayankha kuti ana ake si amasiye a munthu wina aliyense. Ankapemphera tchalitchi chomwechi. Pa nthawi yopatsana mtendere, mayiyo akaona kuti ayandikana, ankasuntha benchi. Izi zinachitika zaka zambirimbiri, ife tikuona koma osamvetsa. A Tanthauzo sanadandaulepo. Ankangoti, "Chikhululukiro ndi mphatso. Sungakaitanitse ngati katundu wako."

Pamalo osindikizira paja ankatola masamba otayidwa n'kumawerenga pa nthawi yopuma, ndipo sisitere uja anawaphunzitsa galamala kuyambira pachiyambi ngati mwana. Kenako anapempha Bambo Mfumu wa nthawi imeneyo kuti awalole kukhala pakhonde la holo Loweruka. Ankabwera ana a sukulu, amakaniko, anamwino, olemba zikwangwani, ofunsira ntchito. Sankalipiritsa. Mafunso anali omwewo chaka ndi chaka. Kodi advice ndi advise zikusiyana pati? Their ndi there? Bwanji sitinena kuti informations? Iwo sankatopa, ndipo wamanyazi ankamulimbitsa mtima ndi mwambi wakuti safunsa anadya phula.

Nthabwala sizinkawathera. Wina atafunsa chifukwa chake knife ili ndi k wosatchulidwa, anati, "Kale eni ake ankamutchula. Kenako anatopa naye, koma analibe mtima womuchotsa ntchito. Wangokhala pakhomo ngati mlonda wogona." Kwa amuna a m'kwaya anati, "Holiday inachokera ku holy day, tsiku loyera. Nanga inu tsiku loyera mumalithera bwanji kumowa?" Nthawi zambiri ankayankha kuti, "Sindikudziwa, mubwere Loweruka linalo ndikafufuze," ndipo dzina lakuti a Tanthauzo linabwera chifukwa funso lililonse ankalibweza ndi lawo: "Inuyo mukufuna kutanthauza chiyani?" Koma wina akangoti "borrow me", nkhope yawo inkasintha. Ankamukhazika pansi, osamulola kuchoka mpaka atasiyanitsa mawu awiriwo.

Lachitatu masana ankapita kundende ndi bungwe loyendera akaidi. Ankapemphera nawo korona, kenako n'kuwaphunzitsa mawu amene akawamve m'khoti. Ankawauza kuti, "Womasulira akanena zimene simunanene, imikani dzanja. Musachite mantha. Nayenso ndi munthu, amaphonya." Mtima wawo sunapume konse. Anandiuza kuti pa milandu yonse imene anamasulira ali mnyamata, sadziwa kuti ndi angati ena amene anawapweteka osazindikira. Pa Misa iliyonse ankapempherera "amene sindikuwadziwa".

Mayi a kunyumba atamwalira, a Tanthauzo anayamba kuchita khungu mpaka anasiya kuona. Pakhonde sanasiye. Anthu ankawatchulira zilembo chimodzichimodzi, iwo n'kumayankha kuchokera m'mutu.

Chaka chatha, m'mawa wina ndikuwasesera pakhomo, kunabwera mkazi wa telala, wokalamba, wowonda, akuyenda ndi ndodo. Sanapereke moni.

"Sindinabwere kudzacheza," anatero. "Ndili ndi chotupa. Dokotala wake ndi mlendo. Anamwino akumandiuza mawu awiri pamene iye walankhula nthawi yaitali. Ana anga akumayang'anana n'kumati zonse zili bwino. Ndikufuna munthu woti akandiuze zimene akunenazo monga zilili."

A Tanthauzo anati, "Mayi, ine ndinalumbira kuti sindidzamasuliranso. Ndipo mwa anthu onse, inu mukudziwa chifukwa chake."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. M'dera lonse lino palibe wina amene amaopa mawu ngati inu."

A Tanthauzo anapemphera chapansipansi. Kenako anandiuza kuti ndiwapatse nsapato.

Ndinawaperekeza kuchipatala. M'kachipinda ka dokotala anaima chilili, dzanja limodzi lili paphewa langa. Dokotala akalankhula, iwo ankamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono, kenako n'kumufunsa ngati akutanthauza chakuti kapena chakuti. Dokotala atatchula mawu akuti malignant, ndinamva zala zawo zikundifinya.

"Nenani," anatero mayiyo.

"Akuti chotupacho ndi khansa, mayi. Akuti yafalikira, ndipo opareshoni singathandize. Akuti mankhwala ochepetsa ululu alipo, ndipo musazengereze kuwapempha. Akuti ngati pali zoti mukonze kunyumba, muyambe tsopano."

"Mwanena zonse?"

"Zonse."

"Simunachotsepo, simunawonjezerepo?"

"Ayi, mayi."

Mayiyo anagwedeza mutu, anamanga bwino mpango wake, n'kunena kuti, "Zikomo." Sananene kuti wakhululuka, tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Koma maulendo onse otsatira akupita kuchipatala ankaima pakhomo pathu n'kugogoda ndi ndodo, ndipo tinkapita atatu. Anamwalira atakonza za nyumba yake monga ankafunira. A Tanthauzo ndinawafunsa ngati tsopano mtima wawo wagona. Anati, "Telala sanadzuke, mwanangu. Koma Mulungu wandilola kugwira ntchito yanga bwino kamodzi."

Mwezi wathawu anayamba kufooka. Sankamva ululu, ankangogona. Tinaitana mwana wawo uja, amene tsopano naye ndi waimvi. Anabwera, anakhala pampando masiku angapo osanena zambiri. Lamulungu m'mawa Bambo Mfumu anabweretsa Ukalistia ndi kuwadzoza mafuta a odwala. Masana mwanayo ananyamula chikwama kuti akakwere basi. Anaima pakhomo la chipinda n'kunena kuti, "Goodbye, father."

A Tanthauzo anatambasula dzanja kufufuza kumene kunachokera mawuwo. "Kodi ukudziwa kumene goodbye anachokera?"

Tinayembekezera kuti mwanayo atuluka, poti mafunso otere ankadana nawo chiyambire ubwana. Koma anaika chikwama pansi, anagwada pambali pa bedi, ndipo anayankha m'chinenero chathu: "Sindikudziwa, ababa. Ndiuzeni."

"God be with you. Anthu anawafupikitsa chifukwa cha changu. Ine changu ndilibe, ndikuuza onse athunthu. Mulungu akhale nawe, mwana wanga."

Mwanayo basi sanakwere. Anagwira dzanja la bambo ake mpaka dzuwa litapendeka, pamene bambowo anapuma komaliza mwakachetechete, ife tikunena korona.

Abale anga, a Tanthauzo sanali munthu wopanda banga, ndipo sakanalola kuti ndiwalembe chotero. Analakwa, anthu anavutika, ndipo zina sizinakonzeke mpaka lero. Chimene atisiyira ndi ichi: atadziwa kulakwa kwawo sanabisale, ndipo moyo wawo wonse wotsala anaupereka kuti wina asagwe m'dzenje lomwelo. Tiwapempherere iwo, tipempherere telala ndi mkazi wake, komanso aja amene iwo sankawadziwa mayina. Ambuye amene amamva munthu popanda womasulira awalandire onse mu mtendere wake.